Manja Amene Ankamvera Chisoni Kapinga

Kumapiri kolima tiyi uko kunali munthu wina, dzina lake a Mulipa, amene ntchito yawo moyo wonse inali yosamala udzu. Musaseke, ndakuonani kale mukukodolana. Udzu wake sunali uwu timalimbana nawo m'munda mwezi wa Januwale. Unali kapinga wa pabwalo la gofu la paesiteti ina, bwalo laling'ono la maenje naini, lopanikizika pakati pa minda ya tiyi ndi nkhalango ya bulugama.

Ambiri a inu gofuyo mumangomumvera kwa anthu. Ndi masewera a kampira koyera, kochepera dzira la nkhuku, kolimba gwa. Umakamenya ndi ndodo ya mutu wachitsulo, n'kukalondola wapansi, n'kukamenyanso, mpaka kakagwere m'kadzenje kokhala ndi mbendera. Kadzenjeko kamakhala pakabwalo kosalala kamene eni masewerawo amati gilini. Wamenya kochepa ndiye wapambana. Nkhani yake ndi yomweyo basi, koma madoda a imvi zawo amakana nayo chakudya.

A Mulipa anafika paesitetipo ali mnyamata wa malaya amodzi, chaka chimene bwana wa nthawi imeneyo ankatsegula dzenje latsopano kumunsi kwa bwalo. Dzenje limenelo anthu ankangoti la kumtsinje, chifukwa gilini yake inali patsidya pa kamtsinje, pamwamba pa mtunda. Njira yonse yopita kumeneko inali katondo yekhayekha, wofiira psu. Bwana analemba amayi khumi ndi awiri kuti adzale kapinga pamanja. Inali ntchito yothyola msana: kuboola ndi kamtengo, kuika katsinde ka kapinga, kutsendera ndi chidendene, n'kusuntha phazi limodzi. A Mulipa anapatsidwa ndowa ziwiri kuti azitunga madzi kumtsinje n'kumathirira m'mbuyo mwa amayiwo.

Pakati pa amayiwo panali mtsikana wina, Elube. Tsiku lachitatu anatembenuka n'kunena kuti, "Inu achimwene, kapinga ali uko. Awa ndi mapazi anga." A Mulipa anapepesa kuti ndowa yachita kupulumuka. Linali bodza. Mawa lake inapulumukanso, mkuja wake chimodzimodzi, ndipo pomwe mvula ya chaka chimenecho inkatha, kapinga anali atagwirana ndipo awiriwo anali pabanja.

Kuyambira pamenepo bwalo lija linakhala m'manja mwa a Mulipa. M'mbali ankatchetcha ndi chikwakwa, ndipo dzanja lawo linali lodziwika esiteti yonse. Chikwakwa chinkadutsa chapamwamba osagunda dothi, udzu n'kutsala wofanana ngati wametedwa ndi lumo. Koma ntchito imene inkawadya mtima inali ya Lolemba m'mawa. Loweruka ndi Lamlungu mabwana ankasewera, ndipo wosewera bwino aliyense akamenya mpira, chitsulo chimachotsa kachigamba ka kapinga n'kusiya bala lofiira. Ndiye Lolemba kukacha a Mulipa ankayenda bwalo lonse ndi ndowa ya mchenga wosakaniza ndi manyowa, kutseka mabalawo limodzilimodzi, akung'ung'udza. Ankachita kudziwa mwini bala. "Ili ndi la adokotala. Ili lokhota chonchi ndi la mkulu wa kufakitale. Munthu wamkulu ngati ameneyu, osachita manyazi." Akafika pa kapinga wa kumtsinje ankagwada n'kumasalaza ndi chikhatho.

Tsono paesiteti imeneyo panali mwambo wokoma, umene sindinaumvenso kwina. Lolemba masana, lipenga la kufakitale likalira, bwalo linkakhala la antchito. Onyamula ndodo za mabwana, otchetcha, wophika wa kukalabu, ngakhale kalipentala wa esiteti, onse ankasonkhana pansi pa mtengo wa mbawa. Ndodo zinali zosiyidwa ndi mabwana obwerera kwawo, zina zokulungidwa ndi mphira pogwirira, thumba limodzi anthu anayi. Mipira inali yotola. Amayi othyola tiyi ankaipeza m'mizere n'kuibweretsa pansi pa madengu awo. Lamulo linali limodzi, ndipo silinkaona nkhope: aliyense mipira itatu, ndipo mpira subwerekedwa. Ikakuthera, masewera ako atha. Senza thumba la anzako, utseke pakamwa.

Masiku amenewo, abale. Ankasewera opanda nsapato, kapinga akuzizira kumapazi, fungo la tiyi wouma likutsika kuchokera kufakitale. Nthawi ya chiperoni ankamenya mpira m'nkhungu, onse n'kukhala chete kumvetsera kumene wagwera, kenako n'kuyamba kukangana, wina akuloza uku, wina uku. Wophika wa kukalabu ankawerenga mokweza kuti anzake amenya kangati, zake akuiwala, ndipo sabata iliyonse ankamugwira, sabata iliyonse ankalumbira kuti ndi kukalamba. Mabwana akamasewera Loweruka kunkakhala zii ngati m'tchalitchi. Lolemba phokoso linkamveka mpaka kumsewu. Amene anaona zimenezo akamazikamba lero, mawu amatsika okha.

Katswiri wa onse anali a Bizwiki, mchimwene wake wa Elube, ndiye kuti mlamu wa a Mulipa. Anali munthu wochepa thupi, wa miyendo yoonda, wa pakamwa posatseka. Anakulira kunyamula ndodo za mabwana, akuba luso ndi maso. Akamenya mpira, ngakhale uli kuseri kwa kalabu unkadziwa kuti amenewo ndi a Bizwiki. Unkamveka kamodzi, tcha, kachigamba n'kuuluka chakutsogolo, mpira n'kukwera mosathamanga.

A Mulipa nawo, ayi ndithu. Thupi linali labwino, mapewa a munthu wa ntchito, ndipo ndodo ankaikweza mokongola moti mlendo akanati katswiri ndi ameneyu. Vuto linkabwera pansi penipeni, pokumana chitsulo ndi mpira. Pamenepo thupi linkabwerera m'mbuyo, kulemera konse n'kukhala pa phazi lamanja. Manja ankaima, mfundo zake n'kupindika, mutu wa ndodo n'kuwapitirira, kufuna kuutapa mpira chapansi monga amatapira ufa. Ndiye chitsulo chinkafika chikukwera kale, n'kuumenya mpira pamutu. Mpira unkathamanga pansi, manja n'kuchita dzanzi mpaka m'zigongono. Koma kapinga ankatsala bwinobwino, osathothoka ndi tsamba limodzi lomwe.

"Alamu," ankatero a Bizwiki, "kodi mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu kapena ndi chikwakwa? Mukutchetcha mpira. Ichi si chikwakwa ayi, ndi khasu."

Ndipo ankawaphunzitsadi, pakuti ngakhale pakamwa panali polasa, mtima unali wabwino. Ankawatengera kuseri kwa fakitale, pamalo ouma pamene ankaunjika nkhuni za bulugama, n'kulemba mzere pansi ndi kamtengo.

"Mpira uli pamzerepa. Tsamirani phazi lamanzere. Manja abwere apa, pa ntchafu yamanzere, akhale patsogolo pa mpira. Kuseri kwa dzanja lamanzereli kuyang'ane kumene mukupita, kusapindike. Pokoka khasu, amatsogola ndani, manja kapena khasu?"

"Manja."

"Eya. Manja adutse kaye, chitsulo chibwere pambuyo. Mumenye mpira, kenako dothi. Bala likhale kutsogolo kwa mzere, osati kumbuyo."

"Nanga ndikaumenyera pansi, ukwera bwanji?"

"Taonani nkhope ya chitsulochi. Anaipendeketsa dala. Kukweza mpira ndi ntchito yake, si yanu. Inu mukamachithandiza ndi pamene mukuchisokoneza."

Tsiku lina a Bizwiki anagudubuza tayala lakutha kuchokera kugalaji, n'kuwauza kuti alimenye ndi ndodo n'kuima pomwepo osasuntha. A Mulipa anamenya, phu, n'kuima. "Tsopano dziyang'aneni," anatero mlamu wawo. Manja anali atapitirira, ndodo itapendekera kutsogolo, chiuno chitatembenuka, chidendene chamanja chitanyamuka chokha. "Mukuona? Thupi lanu ndi lanzeru kuposa inu. Pa mpira pazikhalanso chonchi."

Tsono mvetserani, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Kuseri kwa fakitale kuja, padothi louma, a Mulipa ankamenya bwino zedi. Manja ankatsogola, fumbi linkabuka kutsogolo kwa mzere, mpira unkadumpha mulu wa nkhuni mpaka kukasowa. Munthu wokula ndi khasu sangalephere zimenezo. Koma akangoponda kapinga, n'kuona zobiriwira pansi pa mpira, manja ankasintha okha. Sikunali kusadziwa ayi. Chinali chisoni. Munthu amene m'mawa wagwada kutseka mabala a anthu ena, masana atsegule lake? Mtima unkakana, ndipo manja ankamvera mtima.

Pa maenje ena mpira wothamanga pansi umafikabe, ngakhale mochedwa. Koma pa dzenje la kumtsinje pankafunika wouluka. Ukamenya koyamba, mpira unkaima pakati pa kapinga uja anadzala amayi. Kuchoka pamenepo unkayenera kuyenda mayadi zana ndi pang'ono, kudumpha madzi n'kukwera mtunda. Mipira ya a Mulipa inkangoti chubwi. Zaka ziwiri anasenza thumba la anzawo kuchokera pamenepo pafupifupi Lolemba lililonse, a Bizwiki akuwafunsa mwaulemu ngati sakulemedwa.

Kenako anapeza nzeru. Chakumanja kunali kamlatho ka matabwa atatu, kodutsira wilibala. A Mulipa anayamba kugudubuza mpira ndi ndodo ya nkhope yowongoka: kamodzi kuufikitsa pakamwa pa mlatho, kachiwiri kuuyendetsa pa thabwa lapakati, gubudu gubudu, kachitatu kuukweza mtunda. Anzawo ankamenya kamodzi pomwe iwo ankamenya katatu, koma mpira sunkatayika ndipo kapinga sankavulala. Anazolowera mpaka kudziwa thabwa lopendekera ndi msomali wotuluka. Dzina linawamera lokha, onse n'kumawaitana kuti a Pamlatho.

Elube anali ndi chizolowezi chobwera ndi chigubu cha thobwa Lolemba lililonse. Ankakhala patsidya, pamtunda, chakumanzere kwa gilini, atatambasula miyendo, akuluka zake. Ankaona mipira ya anthu ikutera patsogolo pake kuchokera kumwamba, kenako ankamva matabwa akulira, n'kudziwa kuti amuna ake ali m'njira.

"Abambo," anatero tsiku lina akuwapatsa kapu, "mipira ya anzanu ikubwera pandege. Wanu wapansi mpaka liti?"

"Mudzaona tsiku lina, amayi."

"Ine ndikufuna umodzi wokha. Ndidzaimba nthungululu mpaka akufakitale adzatuluke."

"Ndati mudzaona."

Sankanama. Mumtima mwawo tsikulo linalipo ndithu, kungoti silinali lero. Lero kapinga wangophuka kumene. Lero kwauma, bala lichedwa kupola. Lero mpira watsala umodzi. Elube ankaseka n'kuwathirira thobwa lina. Ana anabadwa, anakula, anapita m'tauni. Azungu anapita kwawo, maofesi n'kulowa anzathu akuda. Matabwa a pamlatho anawola, kalipentala n'kuika ena, a Mulipa n'kuwaphunziranso.

Chaka china, nyengo yozizira, Elube anayamba chifuwa. Lolemba lina anabwerabe, atafunda bulangeti, chigubu atamunyamulira mnzake. A Mulipa atafika pa kapinga uja anamuona patsidya, wochepa kusiyana ndi kale, akuwakwezera dzanja. Tsiku limenelo anasolola chitsulo choulutsira mpira. Anachigwira, anaima, anatsamira phazi lamanzere. Kenako anayang'ana pansi. Kunali kouma, kapinga atayamba kufiira, ndipo anaganiza kuti bala la mwezi uno silipola mpaka mvula. Anati ndidikire mvula, iyenso akhale atapeza bwino, aimbe nthungululu zake ndi chifuwa chabwino. Anabweza chitsulo m'thumba, matabwa n'kulira monga mwa masiku onse. Elube sanawaseke tsiku limenelo, anangowapatsa kapu. Mvula isanagwe anamwalira.

Atachoka Elube, pa kapinga wa kumtsinje a Mulipa sankalolanso ngakhale wilibala. Udzu wachilendo ankauzula ndi zala. Atapuma pa ntchito sanabwerere kwawo. Anamanga kanyumba m'mudzi woyandikana ndi esiteti, ndipo Lolemba lililonse ankatulukira n'kugudubuza mpira wawo pamlatho. Akakwera mtunda sankayang'ana kumanzere. Lonjezo lija linkawapweteka, ndipo sankalitchula kwa munthu.

Gulu la Lolemba linkachepa chaka ndi chaka. Wophika uja anamwalira, kalipentala anapita kwa ana ake. Mabwana atsopano gofu sankamufuna. Loweruka ankathamangira kutauni. Kalabu inayamba kudontha. Ndiye tsiku lina kapitawo anabwera pansi pa mbawa, chipewa m'manja, n'kunena kuti eni esiteti agamula: bwalo lonse alilima, adzalapo mtedza wa makadamiya. Thirakitala iyamba Lachiwiri la sabata yamawa, ndipo Lolemba likubwerali ndi lomaliza.

Sabata imeneyo anthu ankawaona a Mulipa m'mawa uliwonse pa kapinga wa kumtsinje, atawerama, akuzula udzu wachilendo ngati sanamve uthenga. Oyeza malo ankawalambalala ndi zingwe zawo.

Lolemba lomalizalo anabwera madoda asanu ndi mmodzi. A Bizwiki anabwera ndi ndodo yoyendera, chifukwa msana unali utawaletsa kusewera zaka zitatu, anati angoperekeza. Zikhomo za oyeza malo zinali zitakhomedwa kale m'mizere, zomangidwa tinsanza tofiira, ndipo thirakitala inali itaima pafupi ndi kalabu, makasu ake ali m'mwamba. Madodawo anavula nsapato ngati kale, n'kuzisiya pansi pa mbawa.

Maso a a Mulipa anali atafooka. Mpira woyamba unalowa m'tiyi pa dzenje lachiwiri, anaufuna osaupeza. Wachiwiri unagunda bulugama n'kupita kosadziwika. Pofika pa dzenje la kumtsinje anali ndi umodzi, wachikasu ndi ukalamba, ndipo lamulo linali lomwe lija. Palibe akanalithyola pa tsiku lomaliza, ndipo a Mulipa eni ake sakanalola. Anamenya koyamba. Mpira unathamanga pansi n'kukaima pakati penipeni pa kapinga wa Elube.

Anaima pamenepo. Kumanja mlatho unalipo, matabwa ake atatu. Akagudubuza, amaliza masewera awo omaliza mpira uli nawo, ngati munthu. Akayesa kuulutsa n'kulephera, mpira uti chubwi, ndipo bwalo limene analisamala zaka makumi anayi alitsanzika atasenza thumba la anzawo. Koma akagudubuza, ndiye kuti mpira wawo sudzawolokanso mtsinje umenewo m'mwamba mpaka kalekale, chifukwa mawa sikudzakhala poyesera. Anaganiza, anaganiza, n'kutulutsa ndodo yogudubuzira ija.

Anadikira kuti a Bizwiki ayambe chipongwe chawo. Kenako anawatembenukira.

"Alamu, lero simulankhula?"

"Ndalankhula zaka makumi anayi. Pakamwa pauma."

"Nenanibe."

A Bizwiki anatsamira ndodo yawo n'kuyang'ana kapingayo.

"Mlongo wanga podzala apa ankadziwa chimene akudzala," anatero. "Sankadzala maluwa a pamanda. Ankadzala pomenyera mpira. Inu mwamusungira kapinga zaka zonsezi, ndipo mwasunga bwino. Koma iye sanapemphe kapinga, alamu. Anapempha mpira umodzi."

Mawuwo anawalowa mpaka m'mafupa. Anabweza ndodo ija m'thumba, n'kusolola chitsulo choulutsira mpira chija, cha nambala eyiti. Anatsamira phazi lamanzere mpaka analimva likulowa m'udzu. Manja anawasunthira kutsogolo, pantchafu. Maso sanawaike pa mpira; anawaika pa kapinga wa kutsogolo kwake, zala ziwiri kuchoka pampira, pamene panayenera kuvulala. Anapaona bwinobwino. Panali pobiriwira, pothithikana, popanda chilema. Anakweza ndodo.

Potsika, chisoni chija chinabwera monga chinkabwerera nthawi zonse, n'kuwagwira m'mfundo za manja. Musaganize kuti mawu a mlamu amachotsa chinthu cha zaka makumi anayi. Chinalipo, koma a Mulipa anadutsa nacho chomwecho. Manja anapitirira mpira, chitsulo chinabwera pambuyo, chinapeza mpira kaye, kenako dothi.

Tcha.

M'manja simunamveke dzanzi; zinali ngati amenya mbatata yophika. Kachigamba kanauluka n'kukagwa chakutsogolo. Mpira unakwera, unafika msinkhu wa bulugama, unakhala ngati waima pang'ono m'mwamba, unadutsa madzi, unadutsa mtunda, n'kutera pagilini. Unadumpha kamodzi n'kukhala.

Madoda aja anayamba kuwomba m'manja, koma anasiya msanga ataona nkhope ya mnzawo. A Mulipa sankayang'ana mpira. Ankayang'ana pamtunda paja, chakumanzere kwa gilini. Panali udzu wokhawokha ndi chikhomo cha nsanza yofiira.

Anayenda pang'onopang'ono n'kutola kachigamba kaja. Kanakwana pachikhatho, timizu toyera tikuoneka kunsi kwake.

"Ndi kameneka basi?" anafunsa.

"Ndi kameneko, alamu."

"Apa nditathira mchenga, milungu iwiri papola." Palibe ankadziwa zimenezo kuposa a Mulipa.

A Mulipa anayang'ananso patsidya paja.

"Ndiye kuti Elube akanaona."

"Akanaona," anatero a Bizwiki. "Lolemba lililonse."

A Mulipa anakhala pansi pomwepo n'kulira kuposa mmene analirira pamaliro. Anali osangalala ndithu, pakuti mpira unali patsidya. Koma chisangalalocho chinafika mochedwa, ndipo chinawawa kuposa kulephera konse kwa zaka zija. Anzawo anaima chapatali, zipewa m'manja, mpaka anadzuka okha n'kuwoloka kukamaliza.

Lachiwiri thirakitala inayambira kumtsinje komweko. Pofika nthawi ya nkhomaliro kapinga yense anali atatembenuzidwa, mizu ili m'mwamba.

Abale anga, sindikukuphunzitsani gofu. Ambiri a inu simudzagwira ndodo yake. Ndikunena za manja anu. Alipo pano anthu abwino, osamala, osafuna kuvulaza kanthu, ndipo chifukwa cha chimenecho zonse amazigwira chapamwamba. Mawu oyenera kunena mumawazungulira. Chinthu chimene mumachitha bwino mukakhala panokha, chikafika pofunika mumachibweza m'thumba. Mumati ndi chifundo, mumati ndi ulemu, ndipo mwina n'zoona. Koma chimene mukusungacho sichidzakhala chikhalire. Chidzapita ndithu, kaya mwachikhudza kaya ayi. Bala limene mukuliopa ndi laling'ono, ndipo limapola. Chimene sichibwerera ndi munthu amene wakhala patsidya n'kumakudikirani.

Aliyense wa inu akumudziwa wake. Ngati adakali pamenepo, musakamuuzenso kuti tsiku lina.